Zilembo Zachilendo za m'Mabuku a Makolo Athu

Mbiri ya mpingo imasungika m'mitima ya anthu ndiponso m'mabuku. Ambiri mwa amene anayamba mpingo uno pa Chiparamba zaka 50 zapitazo anagona kale, koma mabuku awo akadalipo: Mabaibulo othothoka zikuto, mabuku a nyimbo osokedwa ndi ulusi, timabuku ta kalasi, makadi a ubatizo ndi mabuku a kaundula. Mwana wa sukulu wa lero akatsegula limodzi la mabuku amenewa sachedwa kudodoma. Buku lotsiriza la m'Baibulo alipeza litalembedwa kuti Cibvumbulutso. Pena apeza chilembo cha w chitavala kadenga pamutu, chonchi: ŵ. Ena amaseka, amvekere akale sankadziwa kulemba. Koma chilembo chilichonse chotere chili ndi mbiri yake. Ndipo popeza tayamba kukopera mabuku akale m'makompyuta ndi m'mafoni, udindo wosunga zilembozi kapena kuzitaya wagwera ife.

Mmene chinenero chathu chinafikira papepala

Makolo athu analankhula chinenero ichi zaka mazanamazana chisanalembedwe. Mmodzi mwa anthu oyamba kuchilemba mwadongosolo anali Johannes Rebmann, mmishonale wa ku Germany amene ankagwira ntchito pafupi ndi Mombasa. M'chaka cha 1853 anakumana ndi Salimini, munthu amene anagwidwa ukapolo kuchokera chakufupi ndi kumene kuli Lilongwe lero. Awiriwa anasonkhanitsa mawu ambirimbiri, ndipo buku lawo lotanthauzira mawu linasindikizidwa mu 1877. Pachikuto chinenero chathu anachitcha Kiniassa, potsata mmene Aswahili amatchulira mayina a zinenero. Tikuona apa kuti kuyambira pachiyambi penipeni, wolemba ankalemba zimene khutu lake lamva, ndi zilembo zimene anazolowera kwawo.

Pambuyo pake anabwera amishonale a ku Scotland. Robert Laws wa ku Livingstonia anatulutsa Chipangano Chatsopano m'Chinyanja mu 1886. David Clement Scott wa ku Blantyre anatulutsa buku lalikulu la mawu a Chimang'anja mu 1892. Kuno kwathu, amishonale a Dutch ochokera ku Orange Free State anayamba ntchito pa Magwero pa 5 July 1899, ndipo kenaka anatsegula Madzimoyo, Nyanje ndi Nsadzu. Mabuku ambiri amene ankaphunzitsira m'sukulu za m'midzi ankachokera kutsidya, ku Nyasaland. Kumeneko mipingo ingapo inagwirizana kumasulira Baibulo limodzi loti onse aziwerenga. Katundu wamkulu wa ntchitoyo anasenza William Murray wa mishoni ya Dutch ya ku Mvera ndi Nkhoma, mothandizana ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi aphunzitsi a kuno amene ankawauza mawu oyenera. Baibulo lonse, Buku Lopatulika, linatuluka mu 1922.

Onsewa anakumana ndi vuto limodzi. Zilembo zimene anabwera nazo zinali 26 zokha, ndipo zinapangidwira zinenero za ku Ulaya. Pakamwa pa Mchewa, Mnsenga ndi Mngoni pamatuluka maliwu ena amene zilembozo sizinawakonzekere. Tsono aliyense anayesa nzeru yake, ndipo nzeru zosiyanasiyanazo ndizo tikuziona m'mabuku athu akale.

Kampweya ka h

Tchulani mawu awa: kuponya ndi kuphonya, kukola ndi khola, kupala ndi phala. Mukaika dzanja pafupi ndi pakamwa, mumva kampweya pa mawu achiwiriwo. Mzungu wolankhula Chingerezi sankamva msanga kusiyana kumeneku, pakuti m'chinenero chake sikusintha tanthauzo. N'chifukwa chake mabuku oyambirira a ku Blantyre ankalemba muntu ndi chintu, opanda h. Patapita nthawi olemba anazindikira kuti mlenje woponya ndi mlenje wophonya sabwerera kumudzi ndi nkhope imodzi, ndipo h anapatsidwa malo ake. Koma zizolowezi zakale zinatsalira m'maofesi. M'zikalata zambiri za nthawi ya atsamunda a Phiri analembedwa Piri, a Nkhoma analembedwa Nkoma. Mukaona buku lopanda h pamalo otere, dziwani kuti mwina ndi lakale kwambiri, kapena wolemba wake anali mlendo.

C ndi ch

Ichi ndicho chimasokoneza ambiri pano pamalire. Amishonale oyamba a ku Blantyre ankalemba ch monga m'Chingerezi. Mu 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe loona za zinenero ndi miyambo ya mu Africa, ndipo chaka chotsatira linatulutsa malangizo a kalembedwe. Mfundo yake yaikulu inali yoti liwu limodzi likhale ndi chilembo chimodzi. Potsata maganizo amenewa, mabuku a Chinyanja anayamba kulemba c yekha pa liwu lopanda kampweya, ndi ch pa liwu la kampweya. Ndiye chifukwa chake Buku Lopatulika limene ambiri a ife tinakula nalo lili ndi cifukwa, cikondi, Macitidwe ndi nchito. Kalembedwe kameneka kali ndi dongosolo lake: monga p aliri kwa ph, ndi t kwa th, ndi mmenenso c aliri kwa ch.

Njira zinasiyana maiko athu atalandira ufulu. Ku Malawi, mu 1968 boma linasintha dzina la chinenero kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa, mu 1972 linakhazikitsa bungwe la Chichewa Board, ndipo malamulo a kalembedwe a 1973 anaika ch pamene panali c, ndi tch pamene panali ch. Motero cinthu chinasanduka chinthu, nchito inasanduka ntchito. Kuno ku Zambia, Unduna wa Maphunziro unavomereza kalembedwe ka zinenero zisanu ndi ziwiri za m'sukulu mu 1977, ndipo c anasungidwa. Mwana wa pa Chiparamba amaphunzira kulemba Cinyanja, mnzake wa ku Mchinji amaphunzira kulemba Chichewa, chonsecho akakumana pa Mwami amamvana bwinobwino. Mpingo wathu unabadwa m'zaka zomwezo za kusinthaku, ndiye sizodabwitsa kuti m'tchalitchi chimodzi muli Mabaibulo a c ndi a ch. Nkhani ino yalembedwa ndi ch potsata mabuku atsopano ochokera ku Malawi amene tikuwerenga masiku ano, monga Buku Lopatulika losindikizidwa m'kalembedwe katsopano mu 2014.

Chilembo cha c chili ndi ntchito inanso m'dera lathu. M'dzina la mwambo wa Angoni umene umachitika ku Mtenguleni mwezi wa February, c akuimira liwu lothetheka ndi lilime kuseri kwa mano, limene makolo a Angoni anabwera nalo kuchokera kummwera. Ena amalemba Nc'wala, ena N'cwala, ena Ncwala. Wowerenga c ameneyu ngati wa m'mawu oti cikondi, walitchula dzinalo mwa njira ina.

Bv, pf, l ndi r

M'Baibulo lakale muli kubvala, mabvuto, pfuko ndi pfumbi. Amene analemba choncho sanaonjezere zilembo mwachisawawa. Ankalemba zimene ankamva. Mvetserani agogo akamatchula dzina la Mabvuto, mumva milomo ikuyamba yatsekeka kaye isanatulutse v. Kalembedwe katsopano ka ku Malawi kanachotsa b ndi p pamalo amenewa, koma kuno ku Eastern Province dzina la Mabvuto likadalembedwa ndi bv pa zitupa zambiri. Buku lakale lija ndi mboni ya katchulidwe kamene kakuzimirira pang'onopang'ono.

Za l ndi r n'zosiyana pang'ono. Kwa ife ndi liwu limodzi, ndipo palibe mawu amene amasintha tanthauzo chifukwa mwaika l m'malo mwa r. Olemba anangopangana kuti r azibwera pambuyo pa i ndi e, monga mu mbiri ndi lero, ndipo l azikhala pena ponse. Baibulo lakale linatsata panganoli mpaka kulemba ndiri pamene mabuku a lero amalemba ndili. Dzina la dera lathu lomwe silitsata pangano limeneli. Chiparamba ali ndi r pambuyo pa a, ndipo ali ndi Ch ngakhale sukulu zathu zimaphunzitsa c. Mayina a malo amakhala mmene analowera m'mabuku a boma ndi pa mapu, ndipo sasintha msanga.

Ng'oma ndi ngoma

Pali liwu lina la m'mphuno limene timalimva mu ng'ombe, ng'anga ndi pang'ono. Chilatini chinalibe chilembo chake. Ife tinapatsidwa ng ndi kachizindikiro kapamwamba, kamene aphunzitsi a Chichewa amakatcha nkhodolero. Anzathu Alozi amalemba liwu lomweli ndi ñ, ndipo m'mabuku ena a Chibemba mupeza ŋ, chilembo cha n chokhala ndi mchira. Kachizindikiro kathu n'kochepa ngati kanyerere, koma katachoka tanthauzo limapita nako. Ng'oma ndi yoimba ndi manja. Ngoma ndi gule wa Angoni, kapena nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana. Papepala lakale kachizindikiroka ndiko kamayamba kufufutika, ndipo nthawi zina kadontho ka nkhungu kapena ka ntchentche kamaoneka ngati iko. Wokopera ayenera kudziwa chinenero kuti asiyanitse.

W wa kadenga

Chilembo chimene chaona zambiri kuposa zonse ndi ŵ. Chikuimira liwu limene limatuluka milomo itayandikana koma osaizunguza ngati potchula w wamba. Achikulire ambiri kuno amalitchulabe m'mawu monga nthaŵi, aŵiri, kudziŵa, maŵa, mbeŵa, ndi m'mayina monga Mbeŵe, Cheŵa ndi Malaŵi. Apwitikizi akale atamva liwuli analemba v, n'kutcha ufumu wa makolo athu Maravi. Abemba amalemba liwu lofanana nalo ndi b, monga mu abantu. M'Chinsenga ndi m'Chitumbuka liwuli ndi lamoyo ndithu. Kwa Atumbuka a ku Lundazi, wakwiza ndi munthu mmodzi amene akubwera, pamene ŵakwiza ndi anthu ambiri, kapena munthu wamkulu amene mukumulemekeza. Mukachotsa kadenga pamenepo mwachotsa ulemu.

Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene kwawo kunali ku Kasungu, ankalitchula liwuli. Ali pasukulu ku Chicago anathandiza katswiri wa zinenero Mark Hanna Watkins, amene buku lake la malamulo a Chichewa linatuluka mu 1937. M'zaka za ulamuliro wake ŵ ankaoneka m'mabuku a sukulu ndi m'dzina la dziko. Baibulo la Buku Loyera, limene linatuluka mu 1998, linasunga ŵ. Koma nyuzipepala zambiri za lero zinamusiya, ndipo achinyamata ambiri a m'tauni samutchulanso. Choncho buku lokhala ndi ŵ likutiuza pamene makolo ankatchula liwu limene zidzukulu zawo sizikulimvanso.

Chimene makina ankalola

Sikuti zonse zinkatsata maganizo a akatswiri. Zina zinkatsata zimene makina anali nazo. Kale chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, ndipo wosindikiza ankatola tizitsulo timeneti kamodzikamodzi m'bokosi, n'kumatindandalika mpaka tsamba lidzale. Ngati m'bokosimo munalibe ŵ, ankangoika w wamba, kapena ankaitanitsa kachitsuloko kutali. Makina a taipi amene alembi a mipingo ankagwiritsa ntchito analinso opangidwira Chingerezi. Wofuna ŵ ankamenya w, n'kubweza makina kuti aike kadenga ngati kanalipo, apo ayi ankakajambula ndi cholembera pepala litatuluka. Pa mapepala opukusa pa makina a sitensulo, inki ikachuluka kadengako kankasanduka banga. Ndiye pepala lopanda ŵ silitsimikiza kuti wolemba sankamutchula. Mwina makina ake ndiwo analibe.

Dera lathu linadziwanso msanga njira ina yolembera. Pa Magwero panayamba sukulu ya osaona mu 1905, ndipo Ella Botes anaitumikira zaka zambiri. Osaona amawerenga ndi zala zilembo za Braille, zimene chilichonse ndi kakonzedwe ka timadontho tosapitirira 6. Dontho limodzi likasowa kapena likaonjezeka, chala chimawerenga chilembo china. Amene anaonapo buku la Braille savutika kumvetsa mmene kompyuta imasungira zilembo.

Chilembo chilichonse ndi nambala yake

Kompyuta sidziwa chilembo, imadziwa nambala. Mndandanda woyamba wofala, wotchedwa ASCII, unapangidwa ku America m'zaka za m'ma 1960 ndipo unali ndi malo 128 okha. Munalibe ŵ, ñ kapena ŋ. Mu 1991 munatuluka mndandanda wina, Unicode, wofuna kupatsa nambala chilembo chilichonse cha chinenero chilichonse. M'menemo w wamba ndi nambala 119, ŵ ndi 373, Ŵ wamkulu ndi 372, ŋ ndi 331, ndipo ñ ndi 241. Tili ndi anzathu pa chilembo chimenechi: anthu a ku Wales, ku Britain, amalembanso ŵ m'chinenero chawo, ngakhale amamutchula mosiyana ndi ife. Lero kumulemba sikuvuta. Pa mafoni ena mukadina w n'kugwirizira chala, ŵ amatulukira. Mu Microsoft Word mukalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, manambalawo amasanduka ŵ.

Koma apa ndi pamene pagona ngozi. Kwa kompyuta, nthaŵi ndi nthawi akhoza kukhala mawu awiri osiyana, monganso cikondi ndi chikondi. Nkhodolero nayo ili ndi mitundu: yoongoka ndi nambala 39, yopindika ndi nambala 8217. M'maso zimafanana, koma mukafunafuna ng'ombe wa mtundu umodzi, pulogalamu ina sikuonetsani ng'ombe wa mtundu winawo. Palinso mapulogalamu owerenga chithunzi cha tsamba n'kuchisandutsa zilembo. Ambiri anazolowera Chingerezi, ndiye amagwetsa kadenga ka ŵ, amataya nkhodolero, ndipo pepala likakhala lothimbirira amasokoneza c ndi e. Foni nayo imakonda kusintha mawu mwa iyo yokha, mwini wake osazindikira.

Zimenezi zimakhudza anthu enieni. Munthu akabwera kudzafuna umboni wa ubatizo wake kapena wa ukwati wa makolo ake, dzina la m'kaundula likhoza kusiyana ndi la pa chitupa cha NRC. Kumodzi kuli Mabvuto, kwina Mavuto. Kumodzi Cikondi, kwina Chikondi. Kumodzi Piri, kwina Phiri. Ngati wokopera anasintha dzina kuti lioneke lamakono, zimene zili m'kompyuta sizigwirizananso ndi khadi lakale limene banja lasunga. Ngati sanasinthe koma sanaike kalembedwe ka lero pambali, wofunafuna sadzalipeza, ndipo munthu adzauzidwa kuti dzina lake mulibe, chonsecho lilimo. Pepala lenilenilo likadyedwa ndi chiswe, zimene tinakopera ndizo zidzakhale mboni yokhayo.

Pempho kwa amene adzakopere mabuku athu

Choyamba, tsamba lililonse lijambulidwe chithunzi chooneka bwino lisanakoperedwe, ndipo chithunzicho chisungidwe m'malo oposa amodzi. Chachiwiri, kopani zimene mukuona. Pamene pali c lembani c, pamene pali bv lembani bv, pamene pali kadenga ikani kadenga, pamene palibe musaonjezere. Chachitatu, kalembedwe ka lero kakhale m'danga lakelake pambali, makamaka pa mayina, kuti wofuna mwa njira iliyonse apeze. Chachinayi, gwirizanani mtundu umodzi wa nkhodolero ndipo muzimitse chosinthira mawu cha pa foni kapena kompyuta. Chachisanu, chilembo chikakhala chofufutika musalote; ikani chizindikiro chosonyeza kukayika, wina adzaonenso. Chachisanu ndi chimodzi, ntchitoyi ikhale ya awiriawiri, wachinyamata wodziwa makina ndi wachikulire wodziwa mabanja ndi katchulidwe. Wachikulireyo aziwerenga mokweza, ndipo ngati alola, mawu ake ajambulidwe pa foni, pakuti liwu la ŵ silingasungike papepala pokha.

Pa Mateyu 5:18 Ambuye Yesu, pophunzitsa za kukhazikika kwa Chilamulo, anatchula chilembo chochepetsetsa ndi kachizindikiro ka pa chilembo. Omvera ake anamva msanga chifukwa ankadziwa mmene alembi ankasamalira tinthu tating'ono pokopera Malemba. Ifenso Mawu anatifika kudzera m'manja mwa anthu osamala chomwecho. Koma Baibulo lomwelo, pa Oweruza 12, likusimba za Aefraimu 42,000 amene anaphedwa pa madooko a Yordano atazindikirika ndi katchulidwe ka liwu limodzi. Zilembo zisakhale chifukwa chonyozerana pakati pathu. Wowerenga Baibulo la c ndi wowerenga la ch, wotchula ŵ ndi wosamutchula, onse akhala pa benchi imodzi zaka 50, ndipo amva Uthenga umodzi.

Tikupempha mabanja onse amene asunga Baibulo lakale, buku la Nyimbo za Mulungu, khadi la ubatizo kapena pepala lililonse la mpingo, ngakhale long'ambika, kuti alibweretse kwa mlembi wa mpingo. Lidzajambulidwa ndi kulembedwa m'kaundula, ndipo mwini wake adzabwerera nalo tsiku lomwelo. Pakali pano lichotseni pansi ndi pafupi ndi khoma, muliike pouma pamene chiswe ndi mbewa sizifika, ndipo musalimate ndi selotepi, chifukwa imadya pepala. Ambuye amene watisunga zaka 50 izi akudalitseni nonse.